Chigayo, Kabokosi ndi Mpando Umodzi

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti denga la kukhitchini likudikirabe mmisiri uja munati mumuimbira. Musadabwe kulandira kalata yolemba pamanja masiku ano a mafoni. Ndaona kuti ndikangoyamba nkhani ya kushopu, netiweki ya kwanuko imadwala pompo. Mumangoti, "Halo, halo, sukumveka," chonsecho mumandimva bwinobwino pamene ndimakuuzani za maliro a kuno. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge mutakhala pansi.

Mwandifunsa funso ndipo ndiliyankha. Mwati popeza mwini nyumba akudula chipinda chathu pakati kuti mbali inayo alowemo wometa tsitsi, malo otsalawo angokwanira pulinta yaikulu, chodulira mapepala ndi tebulo limodzi. Ndiye ine, monga wodziwa ntchito ya zithunzi, ndikulangizeni kuti patebulopo pakhale kompyuta yakale ija kapena yatsopano imene munagulira shopuyi. Yatsopanoyo, ngati mwaiwala, munaitumiza pamodzi ndi mlamu wanu, mchimwene wa akazi anu, ngati kuti nayenso anali m'katoni momwemo ndi zingwe zake.

Funso laulemu ndithu, lopaka mafuta. Koma achimwene, tebulo limodzi limakhala ndi mpando umodzi. Yakale ndimagwiritsa ntchito ndine, yatsopano amagwiritsa ntchito ndi iye. Kodi mumandiyesa mwana woti mankhwala owawa amam'bisira mu nthochi? Ndinamva bwino lomwe chimene mukufunsa. Mukufunsa kuti ndani atuluke mushopu imene ine ndakhala ndikutsegula m'mawa uliwonse chichokereni inu.

Ndiyambe ndi yakaleyo, imene makasitomala anaipatsa dzina loti Chigayo chifukwa cha phokoso la mafani ake. Mukuikumbukira. Munaigula kwa ojambula mapulani a nyumba aja akutseka ofesi yawo, ndipo tinaikokera kuno awiriwiri, inu mukutukwana njira yonse kuti ikuthyolani msana. Sinasinthe. Ndikaiyatsa m'mawa ndimasesa, kutsuka makapu, kukapereka moni kwa atelala a khomo linalo, pobwera ndimapeza ikuyamba kumene kutsegula maso. Nyengo yozizira imandiwotha miyendo, nyengo yotentha imandiphika. Koma mbali yake imatseguka ndi dzanja limodzi, umaipemerera fumbi, ukafuna kuwonjezera disiki malo alimo. Mabaji a masukulu onse a kuno, makhadi a maukwati ena oti anatha kale, zikwangwani za mabutchala, zonse zili m'mimba mwake. Sikirini yake ndi yosawala, yosanyada, koma mtundu umene ikuonetsa ndi womwewo umatuluka pa pulinta.

Yatsopanoyo ndi kabokosi koti ungakaike m'chikwama cha kutchalitchi. Sikalira, sikatentha, kalibe ndi sikuluwu yomwe yoti munthu amasule aone m'kati. Ukafuna kulowetsa fulashi ya kasitomala uyambe wakalumikiza mchira wina, mchirawo nawonso uli ndi mchira wake. Mlamu wanu amakapukuta ndi kansalu kakekake, ndipo kansaluko kali ndi kathumba kosungiramo.

Koma abale inu, munthu munatitumizirayu! Bambo wamkulu, ndevu zopaka mafuta onunkhira, satifiketi anaipachika pakhoma tsiku loyamba asanafunse n'komwe kuti chimbudzi chili kuti. Atelala anam'patsa dzina loti Chala Chimodzi, poti ntchito yonse amagwira ndi chala chimodzi, dzanja linalo lili pafoni. Pepala mu pulinta saika, akuti inki imudetsera malaya. Makasitomala iye amawatchula kuti makilayenti, ndipo akalowa mayi wopanda nsapato zabwino amayankhula naye maso ali pasikirini. Tsiku lina ndikupemerera Chigayo fumbi anaima kumbuyo kwanga manja m'thumba.

"Alamu, dziko linapita kale," anatero. "Chinthu ichi n'chofunika kukachisiya kosungira zakale, ana a sukulu azikachiona."

Ine ndinati, "Mukachinyamule nokha ndiye, tione ngati chala chimodzicho chingakwanitse."

Mundimvetse, sindimuchitira nsanje. Nsanje ndingamuchitire chiyani munthu woti sadziwa kuti chofiira cha pasikirini chikafika papepala chimada?

Kuti mumvetse zimene zinachitika sabata yatha, ndikukumbutseni mmene ndimagwirira ntchito, poti mwakhalitsa kunja. Pambali pa tebulo langa pali benchi. Munthu akabweretsa chithunzi chakale, chong'ambika kapena chonyowa, sindimulola kuchisiya n'kumapita. Amakhala pabenchipo, ine n'kuchikuza pasikirini, n'kumamufunsa. Kadontho aka ndi kachiphuphu ka mwini wake kapena ndi ntchentche inaipitsira? Diso ili linali lotere kapena ndi madzi? Dzino ili tilibwezere? Chigayo ikamachedwa kutafuna, munthu uja amayankhula, ndipo m'kuyankhulamo ndimamva chimene akufuna, chimene nthawi zina sichikhala chimene ananena polowa. Ntchito yathuyi imafuna maso ndi makutu omwe. Inu nomwe munandiphunzitsa zimenezi musanaphunzire kudula foni.

Ndiye kunabwera mayi wina wamasiye, wogulitsa ziwiya pamsika. Anatulutsa kachithunzi ka malemu amuna ake, kodula pa chiphaso cha kuntchito, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kopindika pakati, khutu limodzi litadyeka ndi madzi. Anati akufuna kuti kakule, kalowe mu felemu, akapachike pabalaza. Ndisanatsegule pakamwa, Chala Chimodzi anadzuka pampando, koyamba kumuona akudzukira munthu.

"Alamu, tiyeni tonse tipange," anatero. "Mayiwa asankhe okha chimene chawakomera. Ndinayankhula kale ndi achemwali anga, akuti zithandiza kuti alamu akunja aja aganize bwino."

Mwamva? Mpikisano unakonzedwera m'nyumba mwanu, mwina inu muli kubafa. Mutu wanga unatentha. Ndinavomera, ndipo mayi aja atayamba kukhala pabenchi ndinawauza kuti apite adzabwere Lachisanu. Sindinafune kuti Chala Chimodzi amve mafunso anga n'kuba mayankho ake, komanso sindinafune kuti mawa adzakuuzeni kuti ndinachita kuthandizidwa. Ndinati nkhope imeneyi ndiiwerenga ndekha, anthu aone kusiyana kwa mmisiri ndi wodina mabatani.

Nditakaika kachithunzi kaja pa sikana n'kukakuza, ndinapeza mizere iwiri pankhopepo. Wina unali woyera, wochoka pamphumi kufika pakolala, umenewo unali wa kupindika kwa pepala. Winawo unali wakuda, wochoka pansi pa diso lamanzere kutsikira kuchibwano, ndipo m'mbali mwake munali timadontho ta ulusi wa kuchipatala. Chipsera chenicheni. Mtima wanga unati, wagwidwa Chala Chimodzi. Mzere wa pepala ndinauchotsa pang'onopang'ono. Khutu lodyeka lija ndinalimanga potengera linzake. Kolala ndinaiwongola. Koma chipsera chija ndinachisamala ngati cha m'bale wanga, kadontho kalikonse ka ulusi ndinakawalitsa kuti kaoneke bwino. Chigayo inkabuula, ine msana ukuwawa, chakudya chamasana ndinkadyera patebulo pomwepo.

Mnzanu uja anadikira mpaka Lachisanu m'mawa. Anadina kamodzi, anayasamula, anadinanso. Pasikirini pake panatuluka bambo wosalala ngati khanda, wopanda chipsera, wopanda khwinya, ndipo pulogalamu yakeyo inamuvekanso tayi imene sanaivalepo pa chiphasocho. Ndinaseka mpaka atelala anabwera ndi tepi m'khosi kudzaona chimene chachitika. Ndinati, "Atelala, taonani malemu asanduka wotsatsa sopo."

Mayi aja anafika masana, tinayala zithunzi ziwiri patebulo. Anayamba kunyamula changa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Eee, ndi yemweyo ameneyu. Ndi iyeyo ndithu." Achimwene, ndinatsala pang'ono kululutira. Ndinayang'ana Chala Chimodzi kuti ndione mmene ndevu zonunkhira zimagwera. Pobwezera maso ndinapeza mayi aja atachitembenuza chithunzi changa chafufumimba patebulo, atanyamula chinacho.

"Mundiikire uyu mu felemu," anatero.

Ine ndinati, "Mayi, ameneyo si amuna anu. Amuna anu anali ndi chipsera apa, inu nomwe mwavomera."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukundiuza ine za chipsera chimenecho? Anamutema ndi botolo mwamuna wa mkazi wina atawapezerera. Amene anakagona pansi kuchipatala, kumudyetsa ndi supuni pakamwa patatupa, ndine. Ndakhala ndikuchiyang'ana pa pilo zaka zonsezi. Lero wapita, ndichipachikenso pabalaza kuti chizindilonjera m'mawa uliwonse? Mukanandifunsa, achemwali. Ndinafuna kukhala pabenchi apa, inu munandithamangitsa."

Chigayo, imene sidziwa nthawi yokhala chete, inkabuulabe. Atelala anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya ayironi pa diresi la munthu.

Ndipo mukudziwa chimene mlamu wanu ananena mayi aja akuwerama kumanga felemu m'nsalu? Anandinong'oneza kuti, "Kodi chinali chipsera? Ine ndimayesa ndi litsiro." Asa! Munthu anangotola nkhwangwa ndi mpini womwe, osadziwa n'komwe chimene watola. Koma zimenezo sizinamuletse kuwajambula mayi aja atanyamula felemu, n'kutumiza kwa akazi anu mayiwo asanatuluke pakhomo. N'chifukwa chake funso lanu laulemu lija linandipeza m'mawa mwake. Musaganize kuti sindinaone mmene zinatsatanirana.

Za mayi aja sindinena zambiri. Munthu akafuna kupachika mlendo wovala tayi pabalaza pake n'kumauza adzukulu kuti awa ndi agogo anu, khoma ndi lake. Ndingonena chinthu chimodzi chimene mlamu wanu sangakuuzeni chifukwa sachidziwa. Kuchotsa chipsera chija pa Chigayo inali ntchito yochepa kuposa kuchisunga. Ndikanachifufuta tiyi asanazizire, n'kusiya bambo weniweni uja, wa khutu lake ndi makwinya ake, wopanda tayi yabodza, ndipo mayi aja akanatenga changa akulira. Sindikuti ndinalakwa. Ndikungoti imene inagonja Lachisanu lija si Chigayo.

Tsopano imvani za Lolemba, zimene sindinauze munthu aliyense. Chala Chimodzi anatuluka m'mawa kuti akupita ku msonkhano, kutanthauza kokonzetsa ndevu, ndipo kabokosi kake anakasiya koyaka monga amasiyira chilichonse. Chigayo inali itatsamwa ndi chikwangwani chachikulu cha sukulu ya mkaka chimene inkatumiza ku pulinta, moti ngakhale mausi sinkayenda. Kunalowa bambo wachikulire ndi chithunzi cha mwana wake wamkazi tsiku lomaliza maphunziro. Wojambula anadula mutu wa bamboyo theka, ndipo kumbuyo kunali munthu wina akutafuna chinachake kukamwa kuli yasa. Anati basi yake inyamuka posachedwa, sangadikire mawa.

Ndinayang'ana pakhomo. Ndinapukuta mpando wa mlamu wanu, poti mafuta a ndevu amafika paliponse, ndipo ndinakhalapo. Benchi ndinaikokera pafupi, bambo aja ndinawakhazika. Sikirini ya kabokosiko ndi yabodza, imawalitsa chilichonse ngati kuli ukwati, ndiye ndinazula sikirini yanga yachiwiri n'kuilumikiza ndi umodzi wa michira ija. Inavomera.

Achimwene, zimandiwawa kulemba izi. Kabokosi kaja n'kabwino. Fayilo imene Chigayo imaitsegula ikubuula, ine nditapita kukamwa madzi, iko kanaitsegula chala changa chisanachoke pa mausi. Ndinkawafunsa bambo aja, iwo n'kumayankha, ndipo chimene ndalamula chinkachitika pompo. Wotafuna uja anachoka. Mutu unabwerera, ndi dazi lake lomwe, chifukwa ndinafunsa ngati tiikepo tsitsi ndipo anakana, anati mwana wawo sangawazindikire. Ntchito yoti ndikanaweruka nayo madzulo inatha bamboyo asanamalize kundiuza za maphunziro a mwanayo. Anatuluka akuthokoza, ine ndinatsala nditakwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Ndinabwezera zonse mmene zinalili, ndipo mwini mpando atabwera ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa ngati munalowa kilayenti. Ndinati munalowa ntchentche zokha.

Ndiye yankho langa ndi ili, ndipo ndikulilemba ndi zilembo zooneka kuti alamu anga asavutike powerenga. Patebulopo pakhale kompyuta yatsopano. Chigayo yafika pamapeto pake. Mapulogalamu atsopano akukana kulowamo, ndipo wokonza makompyuta wa kuseri kwa msika anandiuza kuti khadi yake ya zithunzi ikadzapsa, ina yotero sidzapezeka. Mafayilo onse ndawasamutsira kale pa disiki yapadera. Dzulo ndinaizimitsa, ndinakulunga zingwe, amuna a atelala anandithandiza kuikweza pa wilibala. Wokonza uja anati ndikaisiye kuseri kwa shopu yake pamene pali zinzake. Ndinapita kukaona. Zaunjikana pamtetete, mimba zotsegula, zina dzimbiri, mu ina nkhuku ikuikiramo mazira. Ndinauza wa wilibala kuti atembenuke. Panopa ili pabalaza panga, ndaifunditsa nsalu ya patebulo, ndipo amene akufuna kuseka aseke.

Ndikudziwa kuti si yankho limene mumayembekezera. Mumafuna ndikakamire Chigayo, ndilire, ndinene kuti popanda iyo sindigwira ntchito, kuti inu mupume n'kuuza abale kuti, "Mwanayu anasankha yekha, anakana kusintha." Mukanasamba m'manja, akazi anu akanakuphikirani bwino, ine ndikanatuluka ndi chitsulo changa pa wilibala anthu akuti ndi khalidwe lake lomwe lija. Pepani, thandizo limenelo sindikupatsani. Makina ndasankha ine monga munapempha, ndipo ndi a shopu, munagula ndinu. Chatsala ndi mpando, ndipo umenewo musankha ndinu.

Mbali ina kuli mlamu wanu, wa satifiketi pakhoma, amene mukamuchotsa kunyumba kwanuko simugona tulo. Mbali inayi kuli ine, wamakani, wa pakamwa poipa, amene ndinathamangitsa mayi wamasiye pabenchi chifukwa chofuna kupambana. Sindikudzigulitsa kwa inu, mumandidziwa kuyambira ndili wamamina. Ndinu wamkulu, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Njerwa za khoma lodula chipinda lija azitsitsa kale pakhomo, amisiri akuti ayamba mwezi uno usanathe, ndiye musati muganizire kaye mpaka chaka chamawa.

Mukasankha iye, sindidzagubuduka pakhomo kapena kukuitanirani abale. Makiyi ndidzasiya kwa atelala, ndidzamulembera mlamu wanuyo pamene amagula inki ndi mmene amatsegulira pulinta ikameza pepala. Chimene ndikukana n'choti ndidzamve kwa iye, kapena kwa akazi anu, kapena ndidzangopeza loko wasinthidwa. Mundiuze nokha, ndi pakamwa panu, kuti mchemwali wanga, choka. Ine ndi inu tinatuluka m'mimba imodzi, mawu atatu amenewo sangakutsamweni.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mchimwene wawo ali bwino, akudya, ndipo malaya ake sanadethebe ndi inki. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'ono uja amene sindinamunyamulepo. Atelala akupereka moni. Ana anga nawonso akupereka moni kwa amalume awo. Wamkulu uja wayamba kujambula, amadzaza makope ndi nkhope za anzake, ndipo dzanja lake ndi labwino kuposa langa ndili msinkhu wake. Dzulo ataona Chigayo pabalaza anangothandiza kuifunditsa. Lero m'mawa akumanga nsapato za kusukulu wandifunsa ngati tchuthi chikubwerachi adzapitebe nane kushopu kukaphunzira ntchito, monga munamulonjeza inu. Ndamuuza kuti afulumire achedwa. Mukamayankha, muyankhe zoti ndikathe kumuuza mwanayo.

Mulungu akusungeni, achimwene, ndipo ndikunena zoona.

Ndine mchemwali wanu,
mmodzi yekhayo amene muli naye.